Mafunso ndi mayankho: Mmene nkhani zojambula zimakambira za chabwino ndi choipa popanda kulalikira

Nkhani zojambula, zimene ambirife timangozitchula kuti makatuni, ndi nkhani zofotokozedwa ndi zithunzi zojambula pamanja zoikidwa m'mabokosi otsatizana, nthawi zambiri pamodzi ndi mawu ochepa a ampangankhani. Alipo anthu amene amaziyesa zoseweretsa za ana, komabe ena mwa mabuku amenewa amalimbana ndi mafunso omwewo amene akatswiri a filosofi akhala akutsutsana pa iwo kwa zaka mazanamazana, monga funso lakuti kodi n'kololeka kupha ochepa pofuna kupulumutsa ambiri, kapena lakuti kodi munthu amene anazunzidwa kwambiri amasanduka wolungama chifukwa cha mazunzowo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene owerenga ndiponso alembi ongoyamba kumene amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Kodi tikamati nkhani ikulalikira timatanthauza chiyani kwenikweni?

Nkhani imalalikira pamene mlembi waweruza kale mlandu asanaitane mboni, ndipo zochitika zonse wazikonza kuti zingoikira kumbuyo chigamulo chakecho. Zizindikiro zake n'zosabisika. Mpangankhani wabwino salakwa, ndipo ubwino wake sumutayitsa kanthu. Woipa amalankhula zopepera zimene ngakhale iye mwini sangazikhulupirire. Ndipo pa tsamba lomaliza pamatulukira munthu wina, kaya mphunzitsi kaya namwino, amene amatembenukira kwa owerenga n'kuwauza chimene ayenera kutolapo. Phunzirolo nthawi zambiri limakhala loona ndithu, koma wowerenga amazindikira msanga kuti maganizo ake sakufunika, choncho amayamba kudumpha masamba monga mmene munthu amayambira kusuzumira pazenera ulaliki ukatalika.

Kodi zithunzi zili ndi mphamvu yanji imene buku la mawu okhaokha lilibe?

Mphamvu yaikulu ili pa kampata kopanda kanthu kamene kamalekanitsa bokosi lina ndi linzake. Scott McCloud anafotokoza zimenezi m'buku lake la Understanding Comics la m'chaka cha 1993, lomwenso analilemba mwa zithunzi. Iye anajambula mabokosi awiri: m'loyamba muli munthu atakweza nkhwangwa kumbuyo kwa mnzake amene wagwidwa ndi mantha, pamene m'lachiwiri muli madenga a nyumba za mumzinda usiku ndi mkuwo wa munthu basi. Nkhwangwa ikutera sanaijambule. Amene amasankha pamene yatera, mphamvu imene yatera nayo ndi magazi amene atuluka ndi wowerenga, ndipo mfundo ya McCloud inali yakuti wowerengayo wathandizira nawo kuphako. Munthu amene wagwira nawo ntchito yomanga nkhani motere sangamve ngati akuuzidwa zochita, chifukwa theka la zimene waona lachokera m'mutu mwake momwe.

Chida chachiwiri ndi kusagwirizana kwa mawu ndi chithunzi. Mfotokozankhani akhoza kunena kuti ankachita zonse chifukwa chokonda banja lake, pamene chithunzi chikuonetsa mwana wake atakhala yekha pakhonde kukuda. Palibe amene watsutsa mawuwo poyera, koma diso laona kale, ndipo chigamulo chabadwira mwa wowerenga.

N'chifukwa chiyani nkhani zambiri zakale za ku America zinkatha ndi kulangidwa kwa woipa?

Mbali ina chinali chizolowezi, koma kuyambira m'chaka cha 1954 linasanduka lamulo. M'chaka chimenecho dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham anatulutsa buku la Seduction of the Innocent, momwe ananena kuti makatuni akuwononga khalidwe la achinyamata, ndipo komiti ina ya nyumba ya malamulo ya Senate inachita kafukufuku pa nkhaniyi. Poopa kuti boma liwakhwimitsira malamulo, eni makampani anakhazikitsa bungwe lawolawo lotchedwa Comics Code Authority, limene linalamula, mwa zina, kuti m'nkhani iliyonse chabwino chizigonjetsa choipa, wachifwamba azilangidwa, ndipo apolisi ndi oweruza asamaonetsedwe m'njira yowachotsera ulemu. Ogulitsa ambiri sankalandira magazini yopanda chidindo cha bungweli. Zotsatira zake zinali zakuti mapeto a nkhani ankadziwika nkhaniyo isanayambe, ndipo funso lililonse lovuta linkafa lisanafunsidwe n'komwe.

Nkhani ina ya kampani ya EC Comics imaonetsa bwino kupanda pake kwa lamuloli. Judgment Day, imene inalembedwa ndi Al Feldstein ndi kujambulidwa ndi Joe Orlando m'chaka cha 1953, imakamba za woyenda m'mlengalenga amene watumidwa kukayendera dziko la maloboti. Kumeneko akupeza kuti maloboti a mtundu wa olenji amasala maloboti obiriwira ngati mtambo, ngakhale kuti onsewo amapangidwa mofanana m'kati, choncho iye akugamula kuti dzikolo silinakonzeke kulowa m'gulu la maiko otukuka. M'bokosi lomaliza akuvula chisoti chake, ndipo owerenga akuona kuti ndi munthu wakuda. Pamene kampaniyo inafuna kusindikizanso nkhaniyi m'chaka cha 1956, mkulu wa bungwe lija, Charles Murphy, anafuna kuti munthuyo asakhale wakuda, koma mwini kampaniyo William Gaines anakana kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyo inatuluka osasinthidwa. Kunena zoona, nkhani imeneyi nayonso ili ndi mawu ambiri ophunzitsa. Chimene chimaipulumutsa ndi chakuti nkhonya yake yeniyeni inaponyedwa ndi chithunzi. Makampani otsiriza anasiya kugwiritsa ntchito chidindo cha bungweli m'chaka cha 2011.

Anthu amakonda kutchula Watchmen pa nkhani imeneyi. Kodi buku limeneli linachita chiyani chachilendo?

Watchmen, imene inalembedwa ndi Alan Moore ndi kujambulidwa ndi Dave Gibbons, inatuluka m'magawo 12 ku kampani ya DC Comics m'zaka za 1986 ndi 1987. Nkhaniyo ikuchitika m'chaka cha 1985, dziko la America ndi Soviet Union ali pafupi kuponyerana mabomba a nyukiliya. Adrian Veidt, amene amadziwika kuti ndi munthu wanzeru kuposa onse, akukonza chiwembu chopha anthu mamiliyoni mu mzinda wa New York m'njira yoti aliyense akhulupirire kuti adani achokera kunja kwa dziko lapansi, poganiza kuti maiko odanawo agwirana manja akaona mdani woposa onse awiri. Chiwembucho chikutheka, ndipo nkhondo ikupewedwa.

Amene anaphunzirako filosofi amazindikira msanga kuti Veidt akuyenda m'njira ya Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill, yoyeza ubwino wa chochita poona zotsatira zake kwa anthu ochuluka, ngakhale kuti iye waifikitsa pamene eni akewo sakanalola. Wotsutsana naye ndi Rorschach, munthu amene sasintha mfundo yake ngakhale thambo ligwe, ndipo akuumirira kuti choipa chiululidwe ngakhale kuulula kumeneko kutadzutsanso nkhondo. Ena amamuyerekeza ndi Immanuel Kant, amene ankaphunzitsa kuti pali zinthu zimene munthu sayenera kuchita zivute zitani, koma kuyerekeza kumeneku n'kopitirira muyeso, pakuti Rorschach amathyola anthu zala m'malo omwera mowa pofuna kuti aulule zimene akudziwa.

Luso la bukuli lili pa mmene linagawira zolakwa. Mlembi wofuna kulalikira akanapereka mfundo imene amaikonda kwa munthu wokondeka, koma pano wonena zoona ndi munthu wauve, wankhanza ndi watsankho, pamene wakupha mamiliyoni ndi munthu waulemu, wophunzira ndi wofatsa polankhula. Komanso bukuli silinalole kuti ophedwawo akhale nambala chabe. Kuyambira m'magawo oyambirira owerenga akhala akucheza ndi bambo wina wogulitsa nyuzipepala pa mphambano ina ya mumzindawo, ndiponso mnyamata amene amakhala pambali pake kumawerenga katuni osagula. Pa mphindi yomaliza ya moyo wawo, bamboyo akukumbatira mnyamatayo pofuna kumutchinga. Gawo la 12 likutsegulidwa ndi masamba asanu ndi limodzi, lililonse chithunzi chimodzi chachikulu cha mitembo m'misewu, popanda munthu wofotokoza kalikonse, chikhalirecho buku lonseli lakhala likuyenda ndi timabokosi tisanu ndi tinayi pa tsamba. Wowerenga amene amagwirizana ndi masamu a Veidt ayenera kudutsa kaye masamba amenewa asananene kuti zinali zoyenera.

Pamapeto Veidt mwiniyo akufunsa Doctor Manhattan, mpangankhani wina wa mphamvu zoposa za umunthu, ngati wachita bwino, ndipo yankho limene akulandira silikumutonthoza ngakhale pang'ono. Buku limene Rorschach ankalembamo zonse zimene wapeza lafika ku ofesi ya kanyuzipepala kena, lili pamulu wa makalata, ndipo dzanja la wantchito wina likuyandikira muluwo pamene nkhani ikutha.

Kodi njira imeneyi ilibe ngozi yakuti owerenga angamvetse molakwika?

Ngozi ilipo, ndipo Watchmen yomweyi ndi umboni. Moore wakhala akudandaula kuti Rorschach anamupanga ngati chitsanzo choipa, koma anthu ambiri anamutenga ngati ngwazi yoti aitsanzire. Mlembi akasiya chigamulo m'manja mwa owerenga, ena mwa iwo amagamula mosiyana ndi mmene iye akanafunira, ndipo sangawaletse.

N'kothandiza kuyerekeza ndi kumene Rorschach anachokera. Moore anamuumba potengera ampangankhani awiri a Steve Ditko, The Question ndi Mr. A. Ditko ankatsatira kwambiri ziphunzitso za Ayn Rand, mlembi wa mabuku ndi filosofi wa ku America, ndipo Mr. A, amene anayamba kutuluka m'chaka cha 1967, amayenda ndi kakhadi koyera mbali ina ndi kakuda mbali inayo, kusonyeza kuti pakati pa chabwino ndi choipa palibe malo ena oimapo. Nkhani zakezo zili ndi mabokosi odzaza ndi mawu mpaka zithunzi kusowa popumira, ndipo otsutsana naye amangokhala zidole zoti iye azigwetse. Palibe amene angamve molakwika uthenga wa Mr. A, komanso owerenga amene anabwerera kwa iye kawiri ndi ochepa. Mlembi aliyense amayenera kusankha mtengo umene angakonde kulipira pa iwiriyi.

Ndiye kuti mpangankhani sayenera kunena phunziro ndi pakamwa pake?

Akhoza kunena, malinga ngati nkhaniyo yalipira kale mtengo wa mawuwo. Nkhani yoyamba ya Spider-Man, ya Stan Lee ndi Ditko yemweyo, inatuluka m'chaka cha 1962 m'magazini ya Amazing Fantasy nambala 15, ndipo ndi ya masamba 11 okha. Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man mwiniyo, atapeza mphamvu zake zodabwitsa, akuzigwiritsa ntchito popeza ndalama pa wailesi yakanema. Tsiku lina wakuba akumudutsa pafupi wapolisi ali pambuyo, koma iye akungomuyang'ana, ati si ntchito yake. Patapita masiku wakuba yemweyo akupha Ben, bambo amene anamulera ngati mwana wake. Mawu otchuka aja, onena kuti mphamvu zazikulu zimadza ndi udindo waukulu, ali m'bokosi lomaliza, ndipo m'nkhani yoyambayi sanalankhulidwe ndi Ben monga ambiri amaganizira, koma ndi mfotokozankhani, Peter akuyenda yekha mumdima. Mawu omwewo akanakhala pa tsamba loyamba akanamveka ngati malangizo a pa asembule ya kusukulu.

Chitsanzo choposa pamenepa chili mu Persepolis, mbiri ya moyo wa Marjane Satrapi wa ku Iran, imene inasindikizidwa m'Chifalansa kuyambira 2000 mpaka 2003. Marjane, atabwerera ku Tehran kuchokera ku Vienna, akudikira chibwenzi chake pamsewu atadzola zopaka pamilomo, zimene zinali zoletsedwa. Ataona asilikali olondera khalidwe akubwera, akuwathamangira n'kuloza bambo wina amene anangokhala phee poteropo, n'kunama kuti wamulankhula zolaula. Bamboyo akumangidwa uku akuchonderera kuti sanalakwe. Chibwenzi chija chikuseka pomva nkhaniyi, ndipo Marjane akupita kukaifotokozera agogo ake aakazi ngati nthabwala. Agogowo akumukalipira koopsa, akumukumbutsa za abale ake amene anamangidwa chifukwa choteteza osalakwa, kenako akusiya kumulankhula. Apa phunziro lanenedwa mosabisa, koma palibe amene angati bukuli likulalikira, chifukwa wolakwayo ndi mlembi mwiniwake, ndipo wowerenga amene anasekako pang'ono kuchenjera kwake amamva kuti agogowo akulankhulanso kwa iye.

Nanga nkhani zimene chabwino ndi choipa n'zodziwikiratu, monga kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler, zimapewa bwanji kulalikira?

Maus ya Art Spiegelman ndiyo imayankha bwino funsoli. Buku loyamba linatuluka m'chaka cha 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 inalandira mphoto yapadera ya Pulitzer. Spiegelman anajambula Ayuda ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka ndi anthu a ku Poland ngati nkhumba, potembenuza mabodza a chipani cha Nazi chimene chinkayerekeza Ayuda ndi makoswe. Palibe tsamba limene limataya nthawi kuuza owerenga kuti msasa wa Auschwitz unali woipa. Funso lovuta bukuli linaliika pena, pa bambo ake a mlembiyo, Vladek, amene anapulumuka kumeneko.

Vladek wa ku New York ndi nkhalamba yovuta kukhala nayo. Ndi woumira moti akubweza ku sitolo bokosi la chakudya lotsegula kale, amazunza mkazi wake wachiwiri pa nkhani ya ndalama, ndipo anatentha mabuku amene malemu mkazi wake woyamba, Anja, analembamo za moyo wake, chinthu chimene chikuchititsa Art kutchula bambo ake kuti ndi wakupha kumapeto kwa buku loyamba. M'buku lachiwiri mpongozi wake Françoise akuimitsa galimoto kuti anyamule munthu wakuda wopempha matola, ndipo Vladek akunyinyirika njira yonse poopa kuti katundu abedwa. Françoise atamufunsa kuti iye, mwa anthu onse, angalankhule bwanji za anthu akuda monga mmene a Nazi ankalankhulira za Ayuda, Vladek akungoyankha kuti ziwirizi n'zosafanana, ndipo nkhani ikupitirira osamukonza. Chimene wowerenga akutsala nacho n'cholemera: mazunzo sanamuyeretse munthuyu, komanso zofooka zake sizikuchepetsa ngakhale pang'ono choipa chimene anamuchitira.

Spiegelman sanadzisiye kunja kwa mlanduwu. Pa tsamba lina akudzijambula ali munthu wovala chigoba cha mbewa, atakhala pa tebulo lake lojambulira pamwamba pa mulu wa mitembo, ntchentche zikuuluka, atolankhani ndi amalonda akumuzungulira chifukwa buku loyamba layenda malonda.

Kodi makatuni a ku Japan amachita mosiyana?

Kusiyana kwakukulu ndi kutalika. Manga, monga mmene amawatchulira, amatuluka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, choncho funso limodzi likhoza kuzunguliridwa mbali zonse. Monster ya Naoki Urasawa, imene inatuluka kuyambira 1994 mpaka 2001 m'mabuku 18, ikuyamba ndi Kenzo Tenma, dokotala wa maopaleshoni a ubongo mu mzinda wa Düsseldorf. Akuluakulu a chipatala anamulamulapo kuti asiye wantchito wa ku Turkey amene anafika poyamba n'kuthandiza woimba wotchuka, ndipo wantchitoyo anamwalira. Chikumbumtima chitamuvuta, ulendo wotsatira akukana lamulo: akupulumutsa mnyamata wowomberedwa m'mutu amene anafika poyamba, ndipo meya wa mzindawo akumwalira m'manja mwa madokotala ena. Nkhani yolalikira ikanathera pomwepa, dokotala atalandira mphoto ya chilungamo chake. Urasawa akuchita zosiyana, chifukwa mnyamata uja, Johan, akukula n'kukhala chigawenga chopha anthu ambiri, ndipo Tenma akuyenera kusankha ngati chikhulupiriro chake chakuti miyoyo yonse ndi yofanana chikukhudzanso moyo umene iye mwini anaupulumutsa ndipo tsopano akufuna kuuchotsa.

Kodi kusiya mafunso osayankhidwa si mantha chabe, kapena kunena kuti chilichonse n'chololeka?

Zikhoza kutero m'manja mwa mlembi waulesi, amene amadetsa ampangankhani onse mofanana kuti aoneke wozama. Koma mabuku amene tatchulawa ali ndi mbali imene aima. Persepolis ikudana ndi kupereka munthu wosalakwa, Maus ikudana ndi tsankho ngakhale lochokera kwa wozunzidwa, ndipo masamba a mitembo aja sanajambulidwe ndi anthu osalabadira za kupha. Chimene alembiwa akana ndicho kunamiza owerenga kuti kuchita chabwino n'kosavuta kapena kuti kumalipira nthawi zonse.

Tisaiwalenso kuti pali nthawi imene kuphunzitsa mwachindunji ndiyo ntchito yeniyeni ya bukulo. M'chaka cha 1957 bungwe la Fellowship of Reconciliation linatulutsa kabuku ka masamba 16 kotchedwa Martin Luther King and the Montgomery Story, kamene kankagulitsidwa masenti 10 ndipo kankafotokoza mmene anthu angalimbanire ndi tsankho popanda chiwawa. John Lewis anakawerenga ali mnyamata, ndipo patapita zaka zoposa 50, ali phungu wa nyumba ya malamulo, analemba mbiri yake m'mabuku atatu ojambula otchedwa March. Timabuku ta zaumoyo timene mabungwe amagawa m'zipatala ndi m'sukulu za kuno kwathu tili m'gulu lomweli, ndipo tisamaweruzidwe ndi muyeso wa Maus. Komabe amene amatilemba angaphunzirepo kanthu pa nthano zathu. Ngakhale kuti wofotokoza nthano amatha kutchula phunziro pamapeto, Kalulu mwiniyo ndi wabodza, waulesi pokumba chitsime, wodyera anzake masuku pamutu, ndipo kawirikawiri amapulumuka osalangidwa. Ana amamukonda ndi kumudzudzula nthawi imodzi, ndipo mkangano umene umabuka pakati pawo nthano itatha ndiwo umaphunzitsa koposa chiganizo chotsekera chija.

Kodi zimenezi zingatheke m'katuni yaifupi ya m'nyuzipepala, ya mabokosi ochepa chabe?

Zimatheka, ndipo chida chake chimakhala nthabwala. Bill Watterson anajambula Calvin and Hobbes kuyambira 1985 mpaka 1995, ndipo mayina a ampangankhani ake anawatenga kwa John Calvin, mtsogoleri wa chipembedzo, ndi Thomas Hobbes, katswiri wa filosofi. Calvin ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi, wodzikonda ndi wochenjera pakamwa, pamene Hobbes ndi chidole chake cha kambuku chimene kwa iye ndi chamoyo. Watterson ankaika mfundo zakuya m'kamwa mwa mwana amene akungofuna kuzemba ntchito, motero wowerenga amaseka kaye asanazindikire kuti chifukwa chimene mwanayo wapereka ndi chomwecho chimene iye amadzipatsa.

M'katuni ina ya Lamlungu, awiriwa akuyenda m'tchire ndipo Calvin akufotokoza kuti tsikulo kusukulu anavutika kusankha ngati abere mayeso kapena ayi. Akuyala mbali zonse ngati loya: kubera pang'ono sikupweteka munthu, ndipo m'dziko lenileni anthu amayang'ana kupambana osati mfundo, komabe kupambana kosagwirira ntchito sikukhutiritsa, ndipo mwina maganizo oterewa ndiwo aononga dziko. Hobbes atamufunsa chimene anasankha, iye akuyankha kuti sanasankhe chilichonse, chifukwa nthawi inamuthera akuganiza ndipo anapereka pepala lopanda kanthu. Hobbes akumulimbitsa mtima kuti kungozindikira kuti panali funso la chikumbumtima ndi kupambana kale masiku ano. Pamenepo Calvin akuulula kuti chinamuvuta n'chakuti mayesowo anali a phunziro la chikhalidwe chabwino.